Hinjesi ya Laputopu Ikamasuka, Mazinga Atatha

Mwa ziwalo zonse zimene amisiri anaziika m'kati mwa laputopu, kuyambira pa kachipangizo kowerengera kamene kamatsiriza ntchito zikwizikwi m'kuphethira kwa diso, kufikira pa batire limene limasunga moto wake, palibe china chonyozeka pamaso pa wogula koposa hinjesi, tizitsulo tiwiri tija timene timalumikiza sikirini ku thupi la makina; komatu ndi pomwepo, pamalo amene wogulitsa sawatchula ndipo wogula sawafunsa, pamene malaputopu ochuluka amayambira kufa nzeru zawo zikali zamphumphu. Matendawa sadza ndi mfuu. Mwini amayamba kumva kakulira ka pulasitiki pa ngodya imodzi akamatsegula. Pakupita kwa masabata amaona kuti chikuto chayasama pang'ono pa ngodya yomweyo. Kenaka tsiku lina kasikuluwu kamagwera pa tebulo, ndipo poyesa kukabwezera m'malo mwake amapeza kuti kakungozungulira osagwira kanthu, pakuti mazinga atha. Apo mpamene funso limauka, loti kodi choterechi n'chokonzeka, nanga mwa njira iti, ndipo ndi liti pamene munthu wanzeru ayenera kuleka kuthira guluu nafuna chiwalo china.

Maonekedwe a laputopu monga tiwadziwa lero, a chivindikiro chokhala ndi sikirini chimene chimagwada pa kiyibodi, anatchuka ndi makina otchedwa GRiD Compass, amene anatuluka ku America m'chaka cha 1982, wolinganiza maonekedwe ake ali Mngelezi Bill Moggridge. Thupi lake linali la magnesium, mtengo wake unali woposa madola 8,000, ndipo ena mwa makinawo anakwera kumwamba m'zombo za NASA. Chiyambire masiku amenewo laputopu yatsika mtengo, yapepuka, yaonda, kufikira mwana wa sukulu akutha kuinyamula m'chikwama. Koma kutchipa kumeneko kuli ndi pamene kunalipiridwa, ndipo pena mwa pamenepo ndi pa ngodya ziwiri zija, pamene m'makina ambiri a mtengo wapansi chitsulo chinalowedwa m'malo ndi pulasitiki yopyapyala, ntchito ya hinjesi osachepa ndi pang'ono pomwe.

Pakuti hinjesi ya laputopu siili monga ya chitseko, imene imayamikidwa ikakhala yofewa. Iyi inapangidwa dala kuti izikaniza. Ntchito yake ndiyo kuimika sikirini paliponse pamene mwini waisiya, yoweramira kutsogolo kapena yogonera kumbuyo, osagwa ndi kulemera kwake komwe, osagwedezeka ndi kugunda kwa zala pa kiyibodi. Kukaniza kumeneku kumachokera m'kukhulana kwa zitsulo, ndipo opanga amakupeza mwa njira ziwiri: ena amakulunga timasamba ta chitsulo cholimba mothina pa kamsomali ka pakati, kuti kamsomaliko kazizungulira movutikira, ena amandandalika tiwashala topindika pa kamsomaliko natipanikiza ndi nati ya kumapeto, kotero kuti kumanga natiyo kumaumitsa hinjesi, kuimasula kumaifewetsa. Pakati pa zitsulozo amapakapo girisi pang'ono, ndipo malinga girisiyo akali wonyowa zonse zimayenda mwamtendere.

Tsono chitsulo chokaniza chotere chiyenera kumangiriridwa ku chinthu china, ndipo apa mpamene pagona nkhani yonse. Masikuluwu ogwira hinjesi ndi ang'onoang'ono ndithu: ambiri ndi a M2, M2.5 kapena M3, nambalazo zikuimira kunenepa kwa sikuluwu m'mamilimita. Pa sikuluwu ya M2 mtunda wochoka pa mzinga umodzi kufika pa unzake ndi mamilimita 0.4 okha, pa M2.5 ndi 0.45, pa M3 ndi theka la milimita. Mazinga osaoneka bwino ndi maso oterewa sangagobedwe m'pulasitiki nakhalitsa, nchifukwa chake opanga amatenga tinati ta mkuwa wosakaniza ndi zinki, tokhala ndi mano kunja kwake, natimiza m'tizitsa ta pulasiki toumbidwira kumodzi ndi chikuto, atatitenthetsa kapena kutinjenjemeretsa ndi makina kuti pulasitiki isungunuke, iloŵerere m'mano aja, niuma. Amene anakhomerapo khasu mu mpini adziwa bwino chimene chikunenedwa apa: msuka umatenthedwa pa moto nudzibowolera wokha njira m'mutu wa mpini, ndipo khasu likadzaguluka m'munda, kawirikawiri sikuti chitsulo chathyoka ayi, koma mtengo wozinga msukawo ndiwo wakula bowo kapena wang'aluka. Momwemonso m'laputopu: chitsulo chimapulumuka, chofewa chozinga chitsulo ndicho chimagonja.

Ndipo chimagonja chifukwa katundu amene chimasenza ndi wamkulu kuposa mmene dzanja la wotsegula limamvera. Chivindikiro cha laputopu ya mainchesi 15.6 chimaposa masentimita 20 kuchoka pa hinjesi kufika m'mphepete mwa pamwamba pamene chala chimagwira, pomwe masikuluwu ogwira hinjesi ali pa mtunda wa sentimita imodzi kapena ziwiri kuchoka pa kamsomali kozungulira. Mwa lamulo lakalekale la ndodo yotukulira zolemera, mphamvu ya chala imachulukitsidwa kakhumi kapena kupitirira isanafike pa tinati tija. Chala chikakankha ndi mphamvu yonga kulemera kwa kilogalamu imodzi, tizitsa ta pulasitiki timamva makilogalamu khumi ndi kuposa apo. Munthu akazolowera kutsegula atagwira pa ngodya m'malo mwa pakati, katundu yenseyo amagwera hinjesi imodzi, chivindikiro chikupotoka. Akazolowera kunyamula makina ndi sikirini, monga ambiri amachitira posamuka pa tebulo kupita pa mpando, ndiye kuti wawonjeza kulemera kwa thupi lonse la makina pa timano ta mkuwa tochepa tija.

Koma zimenezi zokha sizikadathyola malaputopu ochuluka chotere, pakuti opanga amawerengera katunduyu ndi kuyesa mahinjesi awo kambirimbiri asanawagulitse. Chimene chimasintha ndi hinjesi yomwe. Pakupita kwa zaka girisi uja amauma, fumbi limalowa nilisakanikirana naye kukhala phala lolimba, nthawi zina dzimbiri limayambapo, ndipo hinjesi imene poyamba inkamvera chala chimodzi imayamba kufuna dzanja lonse. Mwini sazindikira, popeza kuumako kumadza pang'onopang'ono ndipo dzanja limazolowera. Wozindikira ndi pulasitiki, imene nayonso ikukalamba ndi kufooka chifukwa cha kutentha kwa mpweya wotuluka m'makina, umene m'malaputopu ambiri umatulukira pafupi ndi ngodya zomwezo. Nkhuyu zodya mwana zinapota akulu: hinjesi ndiyo yauma, koma wothyoka ndi kachitsa ka pulasitiki ndi mazinga a kanati. Apa ndipo pali mfundo imene ine ndiiyesa yoposa zonse m'nkhaniyi, yakuti sikuluwu yakutha mazinga siyo gwero la vutoli, koma mboni yake chabe. Ndipo mmisiri amene amata kanati ndi guluu wolimba koposa wa m'sitolo, hinjesi naisiya youma monga anaipezera, wangosamutsa tsiku lothyoka, mwinanso wasamutsa ndi malo othyoka, kuchoka pa pulasitiki ya mtengo wochepa kupita pa galasi la sikirini la mtengo wapatali.

Kwathu kuno nkhaniyi imakula pa zifukwa zodziwika. Malaputopu ambiri amene ali m'manja mwa ophunzira, aphunzitsi ndi a malonda ang'onoang'ono anagwirapo kale ntchito kwina, ku Britain, ku South Africa kapena ku Dubai, ndipo amafika girisi wawo atatha kale unyamata. Fumbi la m'chilimwe, kutentha kwa mwezi wa Okutobala, ndi kupanikizika m'chikwama pa minibasi kapena pa kabaza zimatsiriza chimene zaka zinayamba. Chiwalo chatsopano cha mtundu weniweni wa makinawo sichipezeka msanga, ndipo chikaitanitsidwa kunja mtengo wake pamodzi ndi wa ulendo utha kuyandikira mtengo wa makina onse. Choncho luso lokonza chimene chilipo ndilofunika kuno kuposa kumaiko kumene anthu amangotaya.

Woyamba ntchito ayenera kudziwa kuti mawu akuti hinjesi yamasuka amaphimba matenda angapo osiyana, ndipo mankhwala a amodzi sachiza ena. Nthawi zina sikirini imangogwa yokha cham'mbuyo koma chikuto sichiyasama: apo masikuluwu ali bwino, chatha ndi kukhulana kwa m'kati mwa hinjesi, ndipo ngati ili ya nati, kumanga natiyo pang'ono kumatha nkhani. Nthawi zina sikuluwu yangobwerera yokha chifukwa cha kugwedezeka, mazinga ali amoyo. Nthawi zina mazinga a m'kati mwa kanati adyeka, popeza mkuwa ndi wofewa kuposa chitsulo cha sikuluwu, ndipo kaŵirikaŵiri zimenezi zimachitika pamene sikuluwu yomasuka yasiyidwa kugwedera m'bowo kwa miyezi, kapena pamene wina anaikakamiza yopendekeka, kapena anaimanga ndi mphamvu yoyenera bawuti ya njinga. Ndipo nthawi zambiri, makamaka m'makina a pulasitiki, mazinga amaoneka ngati atha pomwe ali bwinobwino: chimene chikuzungulira ndi kanati konse, kataguluka m'kachitsa kosweka, kakutsata sikuluwu kulikonse kumene ipita. Kusiyanitsa zimenezi sikutheka makina ali otseka. Ayenera kutsegulidwa, ndipo kuyambira tsiku limene chikuto chayasama kufikira tsiku lokonza, ndi bwino kuleka kutseka ndi kutsegula chivindikiro, kungochisiya chili chiimire pa tebulo; Zengerezu analinda kwawukwawu, ndipo kutsegula kulikonse kwa hinjesi yoguluka kumakanula galasi ndi kukoka zingwe.

Zingwezo ndizo chifukwa china chofatsira. M'khosi mwa hinjesi mumadutsa chingwe chonyamula zithunzi kupita ku sikirini, tizingwe tiwiri topyapyala ta Wi-Fi, kaŵirikaŵiri kakuda ndi koyera, ndiponso cha kamera. Chingwe cha sikirini chimanyamulanso moto wowalitsa sikiriniyo pafupi kwambiri ndi tinjira ta mauthenga, kotero kuti wochizula kapena kuchilumikiza batire likali lolumikizidwa atha kutentha fyuzi ya kuwala, makina nayaka koma sikirini ili bii. Lamulo loyamba tsono ndilo kuzula chaja ndi kuzula batire, ngakhale lija la m'kati, asanakhudze china chilichonse. Lachiwiri ndilo kusunga sikuluwu iliyonse ndi malo ake, pojambula chithunzi cha chikuto pa pepala ndi kumata sikuluwu iliyonse pamene yachokera, chifukwa masikuluwu ofanana mutu amasiyana kutalika, ndipo yaitali ikaikidwa pa malo a yaifupi itha kutulukira pa chikuto, kuswa galasi kuchokera kumbuyo, kapena kubaya batire, limene likabayidwa limatha kuyaka moto wovuta kuzima. Khoswe wa pa mkhate sapheka ndi chibonga.

Makina ali otseguka chotero, ntchito yoyamba siili pa mazinga konse. Mmisiri agwire hinjesi ndi zala, ayese kuipinda. Hinjesi yabwino imakaniza koma imamvera. Imene ifuna pulayala kuti isunthe ndiyo wolakwa amene takhala tikumufuna. Ngati ili ndi nati, aimasule ndi kasipanala kapena pulayala ya mlomo wautali, gawo limodzi la magawo anayi a kuzungulira, ayesenso, ndipo achite chimodzimodzi ku inzake kuti ziwirizo zikanize mofanana, popeza imodzi ikafewa inzake ikali youma chivindikiro chimapotoka potsegula. Ngati ilibe nati, aichotse m'makina, aitsuke phala lakale ndi sipiriti, napake girisi watsopano pang'ono, makamaka wa silicone amene sadya pulasitiki. Kupopera mafuta a m'chitini hinjesi ili m'malo mwake n'kosayenera: mafutawo amayenda, amalowa pakati pa mapepala owalitsa sikirini nasiya banga losachoka, ndipo akafika pa malo ofunika kumatidwa guluu sagwiranso. Muyeso wabwino ndi uwu, kuti sikirini iime yokha paliponse, koma itseguke popanda thupi la makina kunyamuka kwambiri pa tebulo. Hinjesi ikakhala yofewerapo pang'ono kuposa mmene inalili yatsopano, palibe choipa. Makina omatidwa sayenera kusenza katundu wa makina atsopano.

Pamene sikuluwu yangobwerera, mazinga ali amoyo, mankhwala ndi kadontho ka guluu womanga mazinga, wa mtundu wa Loctite wobiriwira ngati thambo, amene amagwira koma amalola kumasula ndi sikuludiraiva tsiku lina. Wofiira amafuna moto kuti amasuke ndipo alibe malo m'laputopu. Guluu ameneyu, amene anatulukiridwa ndi Vernon Krieble ku Hartford m'chaka cha 1953, ali ndi khalidwe lachilendo lakuti amauma pokhapo pamene wabisika ku mpweya pakati pa zitsulo ziwiri, koma akali wamadzi amang'alula pulasitiki ya mtundu wa ABS imene zikuto zambiri zimapangidwa nayo. Apakidwe tsono pa nsonga ya sikuluwu, wochepa kwambiri, osati kudonthezedwa m'bowo.

Pamene mazinga a kanati adyekadi koma kanatiko kakali kolimba m'malo mwake, pali njira ziwiri zaulemu ndi zina zachinyengo. Ndi chodziwika kwa amisiri a zitsulo kuti mazinga sagawana katundu mofanana: mzinga woyamba umasenza pafupifupi gawo limodzi la magawo atatu, otsatira nasenza mocheperachepera, kotero kuti oyamba kudyeka ndi a pakamwa pa bowo, ndipo pansi pake pamatsala ena osakhudzidwa. Kanati kakuya mamilimita 3 ka M2 kali ndi mazinga ngati 7. Njira yoyamba tsono ndiyo sikuluwu yotalikirapo ndi milimita imodzi, imene itha kupeza awiri amoyo, malinga munthu atayeza kuti nsonga yake siikafika pa chimene chili kuseri. Njira yachiwiri ndiyo kukwera pa msinkhu wotsatira, ndipo apa masamu amachitira mmisiri chifundo. Bowo loyenera kugobamo mazinga limapezeka pochotsa mtunda wa mzinga pa kunenepa kwa sikuluwu: la M2.5 ndi mamilimita 2.05, la M3 ndi 2.5. Tsono bowo la M2 lakutha mazinga limatsala ndi mamilimita ngati 2, ndipo la M2.5 limatsala ndi 2.5, ndiko kuti bowo lakufa la msinkhu wapansi ndilo bowo loyenera la msinkhu wapamwamba. Ndi kachitsulo kogobera mazinga, kozunguzidwa ndi zala mofatsa, kubwerera pang'ono kutulutsa zinyenyeswa, bowo limalandira mazinga atsopano. Bowo la pa hinjesi liyenera kukuzidwa kuti sikuluwu yonenepayo idutse, khoma la kanati liyenera kukhala lokhuthala mokwanira, ndipo zinyenyeswa za chitsulo zisagwere pa bolodi ya makina, pakuti kanyenyeswa kamodzi kakagona pa tinjira tiwiri ta moto katha kupha makina onse. Njira yomweyi ndiyo yothandiza m'makina a thupi la aluminiyamu kapena magnesium, mmene mazinga amagobedwa m'thupi lenilenilo.

Kuti masikuluwu oterewa apezeke m'laputopu ina yakufa ya kampani ina nakwanira bwino, tiyamike iwo amene anagwirizanitsa miyeso, kuyambira Joseph Whitworth amene m'chaka cha 1841 analinganiza muyeso umodzi wa mazinga ku Britain, kufikira muyeso wa mamilimita wa lero umene mafakitale a maiko ambiri amautsata. Njira zachinyengo ndizo kulonga m'bowo kamtengo ka machesi, kumene kumathandiza pa chitseko cha thabwa koma osati mu mkuwa, kapena kaulusi ka waya wa kopa, kamene kamagwira kwa sabata zingapo kenaka kamaduka nikayendayenda m'makina.

Tifike tsopano pa vuto lalikulu, la kanati koguluka ndi kachitsa kosweka, pamene amisiri amatsutsana koposa. Ambiri amathamangira supa guluu, ena namusakaniza ndi soda wa kukhitchini, popeza ziwirizi zikakumana zimauma m'kamphindi kukhala ngati mwala. Guluu ameneyu, amene Harry Coover anakumana naye m'chaka cha 1942 ndipo kampani ya Eastman Kodak inayamba kumugulitsa mu 1958, ndi wodabwitsa pa ntchito zake, koma m'kuona kwanga pano si pake. Ndi wolimba koma wosweka msanga. Amapirira kukokedwa koma sapirira kupindidwapindidwa ndi kugwedezeka, zimene ndizo moyo wa tsiku ndi tsiku wa hinjesi. Ali wamadzi amayenderera m'mazinga ndi m'kati mwa hinjesi momwe. Ndipo nthunzi yake imasiya chifunga choyera pa galasi. Akhoza kuthandiza kugwirizira tizidutswa ta kachitsa m'malo mwake pamene guluu wina akukonzedwa, basi. Ena amabweza kanati ndi chitsulo chowotcherera mawaya, kukakankhira m'pulasitiki ndi nsonga yotentha monga anachitira ku fakitale, popeza ABS imayamba kufewa ikangopitirira madigiri 100. Njirayi ndi yabwino pamene kachitsa kakali ndi mnofu wokwanira, kapena pamene mmisiri awonjezera pulasitiki ya mtundu womwewo yodulidwa ku chikuto china chakale. Mtunduwo amaulemba m'kati mwa chikuto ndi zilembo zonga PC+ABS. Koma pamene kachitsa kasweka mpaka pansi, kutentha kumangokuza bowo.

Chotsala ndi epoxy, guluu wa machubu awiri amene sauma mwa kuphwa koma mwa kusandulika pamene za m'machubu awiriwo zasakanizidwa. Anayamba kugulitsidwa ndi kampani ya Ciba ya ku Switzerland m'dzina la Araldite m'chaka cha 1946, ndipo kuno kum'mwera kwa Africa ambiri amamudziwa m'dzina la Pratley, wopangidwa ku Krugersdorp. Ubwino wake ndi wakuti samangomata, amaumbika. Ndi iye mmisiri atha kumanga kachitsa katsopano kokulirapo kuposa kakale. Koma amafuna mwambo wake, ndipo olephera naye ambiri amalephera pa mwambowo. Sagwira pa pulasitiki yosalala kapena ya mafuta, choncho malowo akwechedwe ndi sandipepa kufikira kunyezimira kutatha, atsukidwe ndi sipiriti, aume. Ndipo pamene mpata ulipo, abowoledwe timabowo m'nthiti za chikuto zoyandikana napo, kuti guluu aloŵemo nakhale ndi mizu. Wouma pa mphindi zisanu ndi wofulumira koma wofookerapo. Wouma pang'onopang'ono, amene amagwira patapita maola angapo nakhwima patapita tsiku lathunthu, ndiye woyenera katundu wa hinjesi. Magawo awiriwo ayezedwe monga opanga alamulira, kaŵirikaŵiri mofanana, ndipo asakanizidwe kufikira mtundu ukhale umodzi.

Chinsinsi cha ntchitoyi chili pa kuimika tinati pamalo pake penipeni, pakuti kanati kophonya ndi theka la milimita kapena kopendekeka sikadzalandiranso sikuluwu. Mmisiri wochenjera sayesa kutiimika ndi maso. Amapaka Vaseline pa mazinga a masikuluwu ndi kunsi kwa phazi la hinjesi, kuti guluu asagwirepo; amamanga tinati ku phazi la hinjesi ndi masikuluwu awo, osadetsa mano a kunja ndi mafutawo; kenaka amadzaza epoxy m'malo osweka nakhazika hinjesi yonse pamalo pake, tinati tikumira m'guluu monga mmene tidzakhalire ntchito ikatha. Hinjesi yomwe ndiyo ikhala muyeso. Atha kuyala kachidutswa ka sefa wa waya kapena ka nsalu ya galasi m'kati mwa guluu kuti katundu afalikire pa chikuto chachikulu, koma asaunjike kwambiri kufikira chikuto china chikane kutseka, ndipo asakwirire njira ya zingwe. Apanikize ndi chopanira, asiye. Apa ndipo ambiri amagwa, chifukwa guluu amaoneka wouma madzulo a tsiku lomwelo, mwini makina ali pakhomo akufuna kulemba ntchito yake, ndipo chivindikiro chikatsegulidwa guluu asanakhwime kanati kamasuntha m'kati mosaoneka, ntchito yonse niikhala yachabe. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Maola 24 apite, ndipo m'nyengo yozizira ya Juni ndi Julaye apitirirepo, popeza kuzizira kumachedwetsa kukhwima kwa epoxy.

Pali njira ina imene ambiri amachita nayo manyazi, koma ine ndiiyesa yoona mtima koposa zonse pamene pulasitiki yatheratu: kubowola chikuto mpaka kunja, kupisa bawuti yaing'ono ya M2.5 kapena M3 kupyola chikuto ndi phazi la hinjesi, ndi kumanga ndi nati, kunja kutayalidwa washala wotakata kapena kachitsulo kopyapyala kodulidwa bwino kogwira mabawuti awiri pamodzi. Pamenepo katundu sadaliranso timano ta mkuwa kapena kugwira kwa guluu, koma chitsulo chimapanikiza chikuto mbali zonse ziwiri. Mitu ya mabawuti imaoneka kunja, makina amataya kukongola, ndipo wofuna kudzawagulitsa adzachotseredwa mtengo. Koma kwa wophunzira amene afuna makina omufikitsa kumapeto kwa maphunziro, kusakongola kumeneko n'kopepuka. Pobowola chivindikiro galasi lichotsedwe kaye kotheratu, pobowola thupi bolodi ndi batire zichoke, ndipo nsonga ya bawuti idulidwe molingana ndi nati kuti isadzakhudze galasi chivindikiro chikatsekedwa. Mutu wosalala ukhale mbali imene ikhudza chikwama kapena miyendo ya munthu.

Kusintha chikuto chonse ndiko kuchiza kwenikweni, pamene chipezeka pa mtengo woyenera, ndipo kupezeka kwakeko ndi nkhani imene maiko ena ayamba kuiikira malamulo. Dziko la France, kuyambira pa 1 Januwale 2021, linalamula kuti malaputopu ogulitsidwa kumeneko azionetsa malikisi a pa 10 osonyeza kuphweka kwa kuwakonza, kuwerengera kupezeka ndi mtengo wa ziwalo zake. Kampani ya Framework, imene inatulutsa laputopu yake yoyamba chaka chomwecho, imagulitsa mahinjesi paokha kwa aliyense wofuna. Chokakamiza zonsezi n'chachikulu, pakuti lipoti la mabungwe a United Nations linapeza kuti m'chaka cha 2022 dziko lapansi linataya matani 62 miliyoni a zipangizo zamagetsi, ndipo zosakwana gawo limodzi la magawo anayi ndizo zinasonkhanitsidwa ndi kukonzedwanso mwa dongosolo. Kwa ife, komabe, chikuto cholowa m'malo kaŵirikaŵiri chimachokera ku laputopu ina yakufa ya pa shelefu ya mmisiri, ndipo pamenepo pafunika diso. Nambala ya chiwalo, yolembedwa pa kapepala komatidwa m'kati, ifanane ndi ya chakale, chifukwa makina a dzina limodzi amasiyana mabowo chaka ndi chaka. Ndipo popeza chikuto chimenecho chili ndi zaka zofanana ndi chosweka chija, chinasenzanso hinjesi youma kwa mwini wake woyamba. Wogula achiyang'ane pa dzuwa, afune timizere toyera kapena timing'alu tonga tsitsi m'tsinde mwa tizitsa, ndipo akatipeza, kapena ngakhale asanatipeze, azinge kachitsa kalikonse ndi mkombero wa epoxy chikuto chikali chopanda kanthu m'manja mwake, asanamangepo mahinjesi amene wayamba wawatsuka ndi kuwafewetsa.